Mafuta amene tingasiye kugula, ndi amene tikhala nawobe

Pa kalembera wa 2008, ofesi ya National Statistical Office, yomwe likulu lake lili ku Zomba konkuno, inapeza kuti mabanja oposa 80 pa 100 aliwonse m'Malawi ankaunikira ndi palafini. Pofika kalembera wa 2018, ounikira ndi palafini sankakwana ngakhale 2 pa 100. Oposa theka anali atasamukira ku tochi za mabatire, ena ku sola, ndipo a magetsi a ESCOM anali pafupifupi 11 pa 100. M'zaka khumi zokha dziko linatsala pang'ono kusiyiratu mtundu wathunthu wa mafuta, popanda nduna imene inaletsa koloboyi. Palafini ankasowa ndi kudula, makamaka mu 2011 ndi 2012, pamene tochi yotchipa ya ku China inali itafika pa okala iliyonse. Mayi wa ku Jali kapena ku Mayaka anawerengera yekha, n'kuona chimene chikumusiyira ndalama ya mchere.

Munthu amasiya mafuta pamene china chogwira ntchito yomweyo chapezeka pafupi, pa mtengo woti akwanitsa, ndipo chikawonongeka pali wochikonza. Njira iliyonse imene imatchulidwa pa nkhaniyi, kaya ndi dzuwa, madzi, nzimbe kapena mphepo, iyenera kuyesedwa ndi muyeso umenewu. Ndipo poyesa tisamaunjike mafuta onse pamodzi. Lita imene ikuyendetsa chigayo ku Chingale, lita ya mnyamata wa kabaza pa Chinamwali ndi lita ya lole yochokera ku doko zikugwira ntchito zosiyana. Ina tingaisiye chaka chino, ina m'zaka zisanu, ndipo ina tikhala nayo mpaka ana athu atakula.

Chimene chimapangitsa kuti mafuta azitipweteka kuposa anzathu n'chodziwika. Tilibe zitsime za mafuta, tilibe fakitale yoyenga, tilibe doko la kunyanja yaikulu. Lita iliyonse imatsika pa sitima ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, n'kuyenda makilomita oposa 800 kuchokera ku Beira kapena pafupifupi 1,500 kuchokera ku Dar es Salaam. Ogula ambiri mwa mafutawa ndi kampani ya boma ya NOCMA ndi ya Petroleum Importers Limited, ndipo mtengo wa papampu amauika ndi a MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi. Patsiku dziko limamwa pafupifupi malita miliyoni imodzi a petulo ndi ena otero a dizilo, zimene zimafuna madola pafupifupi 50 miliyoni pamwezi, kapena kuti 600 miliyoni pachaka. Fodya yense wa ku okushoni mu 2024 anabweretsa pafupifupi madola 400 miliyoni. Mbewu imene timati ndi golide wathu siikwanitsa kulipira mafuta okha, tisanawerengere feteleza ndi mankhwala a m'zipatala.

N'chifukwa chake mizere ya pa malo omwetsera mafuta imabwera ngakhale pamene mafuta ali mbwee pa msika wa dziko lonse. Chosowa chimakhala dola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, koma kutsitsa kwacha sikubala dola imene kulibe. Nkhokwe za mafuta za ku Matindi, Kanengo ndi Sonda zimatha kusunga malita 60 miliyoni, okwanira pafupifupi mwezi umodzi, komabe nkhokwe imafuna ndalama yoidzazira. Kuno zotsatira zake timaziona msanga: njinga zamoto zogona pa mzere, mavenda a zigubu kuseri kwa msika, mtengo wa minibasi ya ku Limbe wokwera m'mawa n'kukweranso madzulo, tomato wa ku Thondwe ndi matemba a ku Kachulu odula chifukwa cha thiransipoti. Ena amati tikumbe athu m'nyanja ya Malawi, ndipo ziphaso zofufuzira zinaperekedwadi kuyambira mu 2011. Mpaka pano palibe lita imene yatuluka, ndipo ngakhale atapezeka, angafunike kukayengedwa kunja n'kubweranso pa mtengo wa dola.

Malo oyambira, mmene ndikuonera, ndi injini zimene sizichoka pamalo: chigayo, makina opunthira mpunga, pampu ya kudimba, jenereta ya pa shopu, pa chipatala kapena pa nsanja ya foni. Mafuta amaposa mphamvu zina pa chinthu chimodzi, chakuti amanyamulika. Mu lita imodzi ya dizilo muli mphamvu yofanana ndi mayunitsi pafupifupi 10 a magetsi, ndipo mutha kuithira m'chigubu n'kupita nayo kulikonse. Koma chigayo sichipita kulikonse, ndiye ubwino umenewu chilibe nawo ntchito. Chimangotsala ndi kuipa kwake: injini imataya mbali yaikulu ya mphamvuyo ngati kutentha ndi utsi, moti jenereta yabwino imangotulutsa mayunitsi pafupifupi atatu pa lita. Mota ya magetsi imagwiritsa ntchito magawo 80 kapena 90 pa 100 a mphamvu imene yalandira, siifuna oyilo wa injini, siifuna fyuluta, ndipo imakhala zaka osaphwasulidwa. Mwini chigayo aliyense amene analumikizidwa ku ESCOM amadziwa kusiyana kwake, ndipo n'chifukwa chake kugayitsa pa chigayo cha magetsi kumatchipa kuposa pa cha dizilo.

Vuto ndi magetsiwo. Pafupifupi onse amene kampani yopanga magetsi ya EGENCO imapanga ndi madzi amachokera pa mtsinje umodzi. Nkula, imene inayamba mu 1966, Tedzani ndi Kapichira zonse zandandalika pa Shire, ndipo kunja kwa Shire kuli kasiteshoni kakang'ono ka Wovwe ku Karonga. Madzi a m'nyanja ya Malawi atatsika cha m'ma 2016 ndi 2017, magetsi ankazima tsiku lathunthu, ndipo mu 2018 dziko linabwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko a megawati 78, omwe anakhala mpaka 2022. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, megawati 130 n'kuchoka usiku umodzi, ndipo sitesheniyo inadzayambanso mu 2023. Nthawi zonsezi, ometa, owotcherera zitsulo, ogulitsa nyama ndi maofesi anathamangira ku jenereta. Magetsi akazima, dziko limamwa mafuta ochuluka. Choncho aliyense wokamba zochepetsa mafuta koma osakamba za Shire wasiya theka la nkhani.

Ndipo Shire akutikhudza ife eni. Madzi a mbali ya kumadzulo kwa phiri la Zomba, ya ku Chingale, amatsikira mu Shire kumtunda kwa masiteshoni onse a pa mtsinjewu. Mitengo ikatha pa phiri, dothi limakokoloka, n'kukadzaza madamu a Nkula ndi Tedzani. Chonde chokokolokacho chimanenepetsanso namasupuni ndi zomera zina zimene zimatseka makina, zomwe amalimbana nazo pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde. Thumba la makala lotsika pa njinga kuchokera kuphiri lili ndi gawo lake, ngakhale laling'ono, pa dizilo wa jenereta ya m'tauni.

Dzuwa lalowa kale m'mawaya a ESCOM. Ku Nanjoka ku Salima kuli munda wa mapanelo wa megawati 60 umene unatsegulidwa mu 2021, ku Golomoti ku Dedza kuli wa megawati 20 wokhala ndi mabatire aakulu, ndipo ku Nkhotakota kuli wina wa megawati 21. Pa chilumba cha Likoma, pomwe magetsi onse anali a dizilo wobwera pa sitima, pano pali mapanelo ndi mabatire. Zimenezi zatheka chifukwa mtengo wa mapanelo pa dziko lonse unatsika ndi pafupifupi 90 pa 100 pakati pa 2010 ndi 2020. Anthu amakonda kunena kuti dzuwa ndi lachabe chifukwa usiku kulibe, pomwe magetsi amafunika kwambiri madzulo. Ndi zoona, koma ife tili ndi mwayi umene maiko ambiri alibe. Dzuwa limawomba kwambiri mu Seputembala, Okutobala ndi Novembala, miyezi yomwe mitsinje imakhala itaphwa. Madzi ndi dzuwa zimalandizana. Damu la Mpatamanga, la megawati oposa 350, lomwe lakonzedwa kuti limangidwe pa Shire, analilinganiza kuti lizisunga madzi masana n'kuwatsegula madzulo anthu akayatsa magetsi. Palinso mawaya ochokera ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya ku Balaka, omangidwa kuti atilumikize ndi Mozambique. Amenewa ndi ofunika pa nthawi ya ngozi ngati ya Kapichira, kungoti magetsi ake amagulidwa ndi dola yomweyo imene tikusowa.

Za mphepo ndi akasupe otentha sindichedwapo. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anaonetsa dziko kuti mphepo ingayatse nyumba, koma mphepo yamphamvu yosalekeza, yoyendetsa makina aakulu, imapezeka m'malo ochepa okwera. Akasupe otentha alipo ku Chiweta, ku Nkhotakota ndi ku Liwonde, koma palibe pomwe ayamba kupangira magetsi. Timitsinje ta m'mapiri ndi nkhani ina: ku Bondo ku Mulanje anthu akuunikira ndi kugayitsa ndi magetsi a mtsinje wa Lichenya. Phiri lathu nalo lili ndi Mulunguzi, Domasi ndi Likangala, koma mtsinje umapereka magetsi ngati ukuyenda chaka chonse, ndipo umayenda chaka chonse ngati kumtunda kuli mitengo.

Kumene dzuwa limagonjetsa mafuta mosakayikitsa ndi pa mthirira. Mlimi wa kudimba m'chigwa cha Chilwa amafuna madzi nthawi yomweyo imene dzuwa likuswa mtengo, moti pampu ya sola siifuna n'komwe batire, chomwe ndi chinthu chodula ndiponso chosachedwa kufa pa zida zonse za sola. Dzuwa likatuluka pampu imayamba, likalowa imaima, ndipo wofuna kuthirira madzulo amapopera madzi m'thanki yapamwamba. Mapanelo okwana kilowati imodzi amapereka mayunitsi anayi kapena asanu patsiku kwa zaka 20 kapena kuposa. Pampu ya petulo imatchipa pogula, koma imadya tsiku lililonse, ndipo petulo akasowa sabata imodzi mu Okutobala, chimanga chachiwisi ndi anyezi zimafota mwini wake akuyang'ana.

Nanga bwanji alimi onse sanasinthe? Chifukwa petulo amagulidwa pang'onopang'ono, lita ziwiri lero, ziwiri mkuja, pomwe sola imafuna ndalama zonse tsiku limodzi. Wosauka amalipira zambiri pakutha pa chaka chifukwa sangathe kulipira zambiri pa tsiku loyamba. Apa pakufunika ngongole yobweza pokolola, osati yobweza sabata ndi sabata ngati ya kubanki m'khonde, ndiponso njira yolipira pang'onopang'ono pa foni ngati imene makampani a sola za m'nyumba akugwiritsa kale ntchito. Pali mavuto enanso awiri amene ogulitsa satchula. Mapanelo osiyidwa kudimba amabedwa, ndiye mlimi amafuna onyamulika kapena mlonda. Ndipo madzi akakhala aulere kupopa, munthu saona chifukwa chozimitsira pampu. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995 ndi mu 2018, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangodalira zimene Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi ina yabweretsa. Mapampu zikwizikwi osazimitsidwa m'mbali mwa mitsinje imeneyi adzamveka kwa msodzi wa ku Chisi. Magulu a alimi a m'masikimu ngati a Likangala ndi Domasi ali kale ndi malamulo ogawana madzi, ndipo m'pofunika kuti malamulowo afike kwa a mapampu.

Chigayo n'chovutirapo. Mota yake ndi yaikulu ndipo imakoka mphamvu yambiri poyamba kuzungulira, choncho kuchiyendetsa ndi mapanelo okha kumafuna ndalama zochuluka, ngakhale zigayo zing'onozing'ono za sola zayamba kuoneka. Njira yachidule ndi mawaya a mafezi atatu, oyendetsa makina aakulu, ndi thiransifoma yokwanira pa malo a malonda. Pulogalamu yopititsa magetsi kumidzi ya MAREP yafikitsa mapolo m'malo ambiri akumidzi, koma kupambana kwake timakonda kukuyesa ndi nyumba zimene zayaka. Ndikanakonda tizifunsanso kuti ndi injini zingati za dizilo zimene zazimitsidwa pa malo amenewo. Nyumba yoyatsa mababu atatu siipulumutsa dola yambiri, chifukwa palafini inamusiya kale. Chigayo chimodzi, makina a mpunga ndi wowotcherera mmodzi zimapulumutsa migolo ya dizilo pachaka, ndipo ndizo zimalipira bilu yoti ESCOM iziona phindu losamalira mawayawo.

Pali chinthu china chimene chaipitsa mbiri ya sola m'midzi: katundu wachinyengo ndi amisiri ongophunzira pa nyumba za anthu. Panelo lolembedwa mawati 200 koma lopereka theka, batire la galimoto loikidwa pa ntchito imene silinapangidwire, mawaya opyapyala otentha. Batire la asidi likamatsitsidwa mpaka kutheratu tsiku ndi tsiku silitha zaka ziwiri, pomwe la lifiyamu limadula koma limakhalitsa kangapo. Komanso wowerengera kukula kwa zida ayenera kukumbukira kuti kuno mu Juni ndi Julayi chiperoni chimaphimba phiri masiku angapo otsatizana. A MERA amapereka ziphaso kwa oika sola, a Malawi Bureau of Standards ali ndi udindo woyeza katundu wolowa, ndipo sukulu za ntchito zamanja ngati ya Nasawa zili m'boma lathu lomwe lino. Zipatala zazing'ono zambiri zili ndi mapanelo a chithandizo padenga amene anasiya kugwira ntchito chifukwa cha kachipangizo kamodzi kosowa wokasintha.

Pa zoyenda, woyamba kusiya petulo ayenera kukhala wa kabaza. Njinga yamoto imamwa malita awiri ndi theka kapena atatu pa makilomita 100, pomwe ya magetsi imayenda mtunda womwewo ndi mayunitsi pafupifupi anayi. Aliyense atha kutenga mtengo wa lita ndi wa yunitsi wa lero n'kuwerengera yekha. Wa kabaza sapita kutali, amazungulira pakati pa Matawale, Sadzi, Chikanda, Mpondabwino ndi msika, n'kubwerera pa siteji yomweyo kambirimbiri. Ku Kigali ndi ku Nairobi makampani ngati Ampersand ndi Spiro anapeza njira yothana ndi mavuto awiri aakulu, kudula kwa batire ndi kuchedwa kutchaja. Batire limakhala la kampani, woyendetsa amagula njinga yokha, ndipo moto ukatha amafika pa malo osinthira, n'kusiya lakutha, n'kutenga lodzaza, m'mphindi zochepa. Tauni yaing'ono ngati Zomba, ya anthu oposa 100,000 pang'ono pa kalembera wa 2018, ingakwanire ndi malo osinthira owerengeka, ndipo mabatire ake angatchajidwe masana ndi mapanelo a padenga pomwepo. Zitunda zathu zimadya batire pokwera, ngakhale njinga zina zimabweza kamoto pang'ono potsika. Chofunika kuyesedwa bwino ndi misewu ya fumbi ndi matope ya ku Chingale, ndi katundu amene njinga zathu zimasenza, amene wopanga ku fakitale sanamuganizireko.

Tisaiwalenso kuti njinga yakapalasa, imene ikunyamulabe anthu ndi katundu ochuluka m'boma lino, siimwa dontho. Msewu wokhala ndi malo ake a njinga m'mbali, kuti wopalasa asamakankhidwire m'ngalande ndi minibasi, ndi mbali ya nkhani ya mafuta ngakhale sumveka wapamwamba.

Pa petulo wa galimoto tili ndi chinthu chimene maiko ambiri a mu Africa alibe, ndipo tinachiyamba kale. Mu 1982, mafuta atadula pa dziko lonse ndipo nkhondo ya ku Mozambique ikusokoneza njira za ku Beira ndi Nacala, fakitale ya ETHCO inayamba kupanga ethanol ku Dwangwa. Ya PressCane ku Chikwawa inatsatira mu 2004. Zonse zimagwiritsa ntchito molasesi, madzi akuda okhuthala amene amatsala shuga akapangidwa. Kapangidwe kake n'chimodzimodzi kutcheza kachasu: amawiritsa ndi yisiti kuti shuga asanduke mowa, kenako amautcheza, kungoti amapitiriza mpaka madzi onse atachoka kuti usakanikirane ndi petulo. Choncho petulo amene mumathira pa pampu amakhala ndi gawo la nzimbe za ku Dwangwa kapena Nchalo, logulidwa ndi kwacha.

Cholinga cha boma ndi chakuti pa malita 100 aliwonse, 20 akhale a ethanol. Pa kamwedwe ka lero, zimenezi zikutanthauza malita oposa 70 miliyoni pachaka, ndipo mafakitale awiriwa sanafikepo pamenepo. Molasesi amachepa, chifukwa kuchuluka kwake kumadalira shuga amene wapangidwa, nzimbe zimadulidwa miyezi ya chilimwe yokha, ndipo madzi osefukira a kuchigwa cha Shire amaononga minda. Gawo lina la ethanol limapitanso ku zakumwa ndi ku mankhwala, komwe mtengo umakhala wabwino. Dziko la Brazil, lomwe linayamba pulogalamu yake mu 1975, linadutsa malire amenewa pofinya madzi a nzimbe mwachindunji, ndipo kuyambira 2003 linayamba kugulitsa galimoto zomwa petulo, ethanol kapena zosakaniza mulimonse. Ifenso tingatero, koma tidziwe mtengo wake. Lita ya ethanol ili ndi magawo awiri okha mwa atatu a mphamvu ya petulo. Nzimbe zimafuna malo achonde ndi madzi ambiri, ndipo ku Dwangwa ndi ku Chikwawa mikangano ya malo pakati pa minda ya nzimbe ndi anthu a m'midzi si yachilendo. Ndikuona kuti kufikitsa 20 pa 100 chaka chonse ndi cholinga choyenera kuchilimbikira, chifukwa galimoto zomwe tili nazo kale ndizo zingapindule. Kupitirira apo kumafuna kuti tiyambe tagwirizana za malo amene tingachotse ku chakudya.

Phunziro la zimenezi tinalipeza pa msatsimanga. Cha m'ma 2008 mtengowu unkalalikidwa ngati dizilo womera pa nthaka yoguga, wosafuna madzi kapena feteleza, ndipo kampani ya BERL inalimbikitsa alimi ambiri kuubzala m'malire a minda kuti mafuta ake azisakanizidwa ndi dizilo. Zinapezeka, kuno ndi m'maiko ena, kuti pa nthaka yoguga umamera koma subereka mokwanira, ndipo ntchito yotola njere siinkalingana ndi ndalama yake. Alimi ambiri anausiya. Mpendadzuwa ndi soya nazo zimatulutsa mafuta oyendetsa injini, koma dziko limene likuitanitsabe mafuta ophikira kunja lingalakwitse kuwathira m'thanki ya lole.

Ndiye dizilo wa malole ndi mabasi akutali tikhala naye. Chotheka ndi kumuchepetsa, ndipo chida chake ndi njanji. Thanki imodzi ya pamsewu imanyamula malita pafupifupi 35,000, kutanthauza kuti mafuta a tsiku limodzi amafuna mathanki pafupifupi 60, ndipo lililonse limawotcha dizilo popita ndi pobwera, kwinaku likukumba msewu. Sitima ya pamtunda imamwanso dizilo, koma pa tani iliyonse imamwa gawo laling'ono la zimene lole imamwa. Njanji ya ku Nacala, yodzera ku Nayuchi, Liwonde ndi Nkaya, inakonzedwa bwino chifukwa cha malasha a ku Moatize, ndipo mu 2024 sitima ya mafuta inafikanso ku Lilongwe patatha zaka zoposa 20. Liwonde ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera kuno. Feteleza, simenti ndi mafuta zotsikira pamenepo, nandolo ndi mpunga zokwerera pamenepo, zingachotse malole ambiri pa ulendo wa kudoko.

Galimoto zazing'ono za magetsi ndaziika kumapeto dala. Ethiopia inaletsa kuitanitsa galimoto za petulo ndi dizilo mu 2024, koma inatero ili ndi damu lalikulu pa Blue Nile lopereka magetsi ochuluka. Kwathu kuno ambiri amagula galimoto yakale ya ku Japan, ndipo ya magetsi yakale imabwera ndi batire lotopa limene mtengo wake ungafanane ndi wa galimoto yonse. Za injini ndi batire pamodzi, monga Toyota Aqua ndi Prius, zimene zafala kale, ndi sitepe yanzeru pakadali pano. Oyenera kuyamba ndi amene galimoto zawo zimayenda njira yodziwika n'kugona malo amodzi: basi ya ogwira ntchito pa yunivesite, galimoto za makhonsolo, kenako minibasi za pakati pa Zomba ndi Limbe, mtunda wosakwana makilomita 70.

Kukhitchini nkhaniyi imatembenuka. Mabanja oposa 90 pa 100 amaphikira nkhuni ndi makala, osati mafuta, ndipo njira imene ikulimbikitsidwa kuti tipulumutse mitengo ndi gasi wa m'masilinda. Gasi ameneyu amachokera kokumba ndi koyenga mafuta komweko, amabwera pa thanki, ndipo amagulidwa ndi dola. Sindikunena kuti tisamugwiritse ntchito, chifukwa utsi wa makala ukudwalitsa amayi ndi ana ndipo phiri likutha tikuona. Koma tisamuyese chipulumutso, chifukwa tsiku limene dola yasowa nayenso amasowa, ndipo banja limabwerera ku mbaula. Kwa wokhala ndi magetsi, poto wa magetsi wotsekera nthunzi amaphika nyemba ndi yunitsi yosakwana imodzi. Kumudzi, chitetezo mbaula imachepetsa nkhuni, mankhusu a mpunga amene amangotenthedwa kuseri kwa makina angaumbidwe kukhala zophikira, ndipo malo odyetsa anthu ambiri, monga sukulu zogonera konko, ndende ndi makola a ng'ombe zamkaka, ali ndi zinyalala zokwanira kupanga gasi wawo wa m'dzenje.

Pomaliza pali nkhani ya ndalama za boma, imene siikambidwa kawirikawiri. Mu mtengo wa lita iliyonse muli misonkho ingapo, ndipo iwiri mwa iyo ndi wokonzera misewu, umene umapita ku Roads Fund Administration, ndi wopititsira magetsi kumidzi, umene umathandiza MAREP. Ndiye kuti thiransifoma imene ikazimitse chigayo cha dizilo ku Mayaka ikugulidwa, mwa zina, ndi dizilo yemweyo, ndipo phula limene njinga ya magetsi idzayendepo likulipiridwa ndi womwetsa petulo. Mafuta akayamba kuchepa, matumba awiriwa adzachepanso, ndipo padzakhala chiyeso chokhometsa msonkho pa mapanelo, mabatire ndi njinga za magetsi kuti dzenjelo likwiririke, zinthuzo zisanafale n'komwe. Aphungu ndi a unduna wa zachuma ayenera kupezeratu kumene ndalama ya misewu idzachokere, kaya ndi pa zipata zolipirira ngati za Chingeni ndi Kalinyeke, kaya pa kulemera kwa galimoto, kuti wa kabaza wofuna kusiya petulo asadzakhale woyamba kulipiritsidwa.